Funsani Aphunzitsi: Anzanga akangana za Bandera, ndikhulupirire uti?

Aphunzitsi,

Kwathu ndi ku Ntcheu koma ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Bradford, ku England. Pashifiti ya usiku tilipo atatu: ine, mayi wina wa ku Poland, ndi mtsikana wa ku Ukraine amene anathawa nkhondo mu 2022 ndi mwana wake. Tinkamvana kwambiri, chakudya tinkadyera pamodzi. Tsiku lina pa buleki foni ya mtsikanayu inayaka, n'kuoneka chithunzi cha mchimwene wake wa usilikali atanyamula mbendera yofiira ndi yakuda. Mayi wa ku Poland uja nkhope inagwa nthawi yomweyo. Anati anthu a mbendera imeneyo ndiwo anapha abale a agogo ake ndi nkhwangwa, n'kutchula dzina loti Bandera. Mtsikanayo analira, akuti Bandera ndi ngwazi imene Hitler anaitsekera m'ndende, ndipo zinazo ndi mabodza a ku Moscow. Mpaka lero sakuonana ndi diso labwino. Nditawafotokozera achimwene anga ku Lilongwe pa WhatsApp, anangoti: "Si zomwe akunena a Putin zija? Anthu amenewo ndi a Nazi." Ndathedwa nzeru. Akunena zoona ndani?

*Mayi wa ku Ntcheu, ku Bradford*

Mayi,

Pepani ndi zimene zakugwerani pantchito. Ndiyankha mosapsatira, chifukwa nkhani ya anthu ophedwa saizungulira. Mnzanu wa ku Poland sakunama. Anthu a mbendera yofiira ndi yakuda anaphadi Apolandi zikwizikwi m'midzi, ambiri mwa iwo amayi, ana ndi nkhalamba. Mtsikana wa ku Ukraine akulondola kuti Hitler anatsekera Bandera, koma waphonya ponena kuti zinazo n'zopeka. Za achimwene anu ndibwerako kumapeto.

Tiyambe ndi malo, chifukwa mabuku amene ndinkaphunzitsira mbiri ku sekondale amadumpha kuchoka ku Berlin kukatera ku Stalingrad, ngati pakatipo panalibe anthu. Nkhaniyi kwawo ndi kumadzulo kwa Ukraine, m'zigawo ziwiri: Galicia, kumene kuli mzinda wa Lviv, ndi Volhynia, kumpoto kwake. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itatha, Ayukireni anayesa kudzutsa dziko lawolawo koma anagonja. Mbali yaikulu inagwa m'manja mwa Soviet Union, ndipo zigawo ziwirizi zinatengedwa ndi Poland. M'midzi ambiri anali Ayukireni, m'matauni munachuluka Apolandi ndi Ayuda. Boma la Poland linachepetsa sukulu zophunzitsa m'chilankhulo chawo, linagawira asilikali ake opuma minda ku Volhynia, ndipo mu 1930 linatumiza asilikali kukakwapula anthu m'midzi ya ku Galicia. Kutsidya kwa malire kunali kosayamba. Njala imene ulamuliro wa Stalin unadzetsa mu 1932 ndi 1933, polanda alimi zokolola zawo, inapha anthu pafupifupi 4 miliyoni ku Ukraine.

Mumkwiyo umenewo ndi mmene linakulira gulu la OUN, la Ayukireni ofuna dziko la mtundu wawo, lokhazikitsidwa ku Vienna mu 1929. Linkafuna ufulu wodzilamulira, ndipo pamenepo sindiona cholakwa. Vuto linali dziko limene ankalilota: chipani chimodzi, mtsogoleri mmodzi wosatsutsika, ndiponso Ukraine wa Ayukireni okhaokha. Njira yawo inali mfuti. Mu 1934 anapha nduna ya za m'dziko ya Poland, Bronisław Pieracki, ku Warsaw. Stepan Bandera, amene panthawiyo anali ndi zaka 25, anadzaweruzidwa kuti anyongedwe chifukwa cha chiwembucho, koma chilangocho anachisintha kukhala ndende moyo wonse. Chaka chomwecho anawombera Ivan Babii, mphunzitsi wamkulu wa sekondale ya Ayukireni ku Lviv, wa mtundu wawo womwe, chifukwa ankaletsa ana asukulu kulowa m'gululo. Ine monga mphunzitsi, imfa imeneyo imandiuza zambiri za anthuwa, nkhondo isanayambe n'komwe.

Mu Ogasiti 1939 Hitler ndi Stalin anapangana zogawana Poland. Asovieti analowa ku Lviv n'kuyamba kupakira anthu m'sitima kupita ku Siberia ndi Kazakhstan, osasankha mtundu. Bandera anatuluka m'ndende m'chipwirikiti chimenecho. Mu 1940 OUN inagawanika: achikulire anatsata Andriy Melnyk, anyamata amoto anatsata Bandera. Onse awiri maso anali pa Germany. Pamsonkhano wa gulu la Bandera ku Kraków mu Epulo 1941 anavomereza moni wokweza dzanja lamanja, pamodzi ndi mbendera munaiona pafoni ija, ndipo analemba kuti Ayuda ndiwo mzati wa ulamuliro wa Moscow ku Ukraine. Malangizo amene anakonzera anthu awo mwezi wotsatira anatchula Arasha, Apolandi ndi Ayuda kuti ndi mitundu ya adani. Awa ndi mapepala awo eniake, sanalembedwe ku Kremlin.

Pa 30 Juni 1941, patangopita masiku 8 Hitler ataukira Soviet Union, asilikali a Germany analowa mu Lviv. Anali limodzi ndi gulu la asilikali a Chiyukireni lotchedwa Nachtigall, lovala yunifolomu ya Germany, ndipo mmodzi mwa atsogoleri ake anali Roman Shukhevych. Madzulo ake wachiwiri wa Bandera, Yaroslav Stetsko, analengeza kuti dziko la Ukraine labadwanso. M'chikalata chomwecho analonjeza kuti dzikolo ligwira ntchito limodzi ndi Germany ya Adolf Hitler.

Asovieti pothawa anali atapha akaidi zikwi zingapo m'ndende za mumzindawo, monga ya Brygidki ndi ya mumsewu wa Lontskoho. Kunja kunkatentha, mitembo inali itayamba kuwonongeka, ndipo amayi ankalowa m'mabwalo a ndende atatseka mphuno ndi mipango, akutembenuza mtembo uliwonse kufunafuna amuna awo ndi ana awo. Chisoni chimenecho chinali chenicheni. Koma Ajeremani, pamodzi ndi anyamata a OUN ovala kansalu ka buluu ndi chikasu pamkono, anachilozetsa kwa Ayuda. Pa 1 Julayi anawatulutsa m'nyumba, kuwakwapula m'misewu, kuvula amayi pagulu, kuwakakamiza kunyamula ndi kusambitsa mitembo ija, kenako ambiri anawomberedwa pabwalo pomwepo. Pakati pa akaidi ophedwa ndi Asovieti panalinso Ayuda, koma panalibe wofuna kumva zimenezo. Zithunzi za tsikulo zilipo. Katswiri wa mbiri John-Paul Himka, wochokera m'banja la Chiyukireni, amene waphunzitsa zaka zambiri ku Canada, anasanthula maumboni a opulumuka ndi zikalata, n'kupeza kuti anyamata a OUN aja ndiwo ankagwira Ayuda n'kuwakokera kundendeko. Zofananazo zinachitika m'matauni ndi m'midzi yambiri m'masabata amenewo.

Tsopano pamene mtsikana uja akulondola. Hitler sankafuna bwenzi, ankafuna minda ya tirigu ndi anthu omugwirira thangata. Pa 5 Julayi Bandera anagwidwa, anamutengera ku Berlin, kenako anamutsekera ku Sachsenhausen, m'chigawo cha akaidi apadera. Abale ake awiri, Oleksandr ndi Vasyl, anafera ku Auschwitz mu 1942. Anthu ambiri a OUN anamangidwa ndi kuphedwa ndi Ajeremani omwe ankawadalira aja. Walira mvula walira matope. Koma funsani chimene anamangidwira. Sanamangidwe chifukwa chodzudzula kuphedwa kwa Ayuda. Anamangidwa chifukwa anakana kubweza chilengezo cha dziko chija. Ndipo mu Seputembala 1944, Ajeremani madzi atawafika m'khosi, anamutulutsa poyembekeza kuti awathandiza kulimbana ndi Asovieti.

Iye ali m'ndende, anyamata ambiri, ena a iwo a OUN, analowa polisi yothandiza Ajeremani. Polisi imeneyi inkalondera malo amene Ayuda anatsekeredwa ndiponso kuwaperekeza kumaenje. Ayuda pafupifupi 1.5 miliyoni a ku Ukraine anaphedwa pankhondoyo. Okonza ndi olamula anali Ajeremani. Pa Babyn Yar pokha, ku Kyiv, anawombera anthu 33,771 m'masiku awiri mu Seputembala 1941. Koma popanda eni dera, odziwa kanjira kalikonse ndi khomo lililonse, ntchito yoipayo sikanayenda choncho. Kumayambiriro kwa 1943 apolisi zikwi zingapo a ku Volhynia anathawira kunkhalango ndi mfuti zawo, kukalowa gulu lankhondo la UPA limene anthu a Bandera ankalidzutsa. Anapita atadziwa kale mmene mudzi amauzingira.

Apa ndi pamene pali abale a agogo a mnzanu. Atsogoleri a UPA ku Volhynia, pansi pa Dmytro Klyachkivsky, anaona kuti nkhondo ikadzatha dziko la Poland lidzafunanso chigawocho, choncho pasatsale Mpolandi woti adzamulozere. Pa 11 Julayi 1943 anaukira midzi pafupifupi 100 nthawi imodzi. Linali Lamlungu, anthu ali m'matchalitchi. Ku Poryck anawombera anthu Misa ili mkati. Zipolopolo zinali zosowa, choncho alimi a m'midzi yoyandikana amene anawatenga kuti akathandize ankagwiritsa ntchito nkhwangwa, zikwakwa ndi mafoloko a udzu. Nyumba ankaziotcha, kuti mawa pasadzaoneke kuti panali mudzi. Mu 1944 kupha kunafalikira ku Galicia, Shukhevych ali mkulu wa UPA. Katswiri wa ku Poland Grzegorz Motyka amawerengera Apolandi pafupifupi 100,000 ophedwa m'zigawo zonsezo. Magulu a Apolandi anabwezera n'kupha Ayukireni oposa 10,000, monga ku Sahryń ndi ku Pawłokoma, nawonso anthu wamba osalakwa. Panalinso Ayukireni amene anabisa anansi awo kapena kuwagogodera usiku kuti athawe, ndipo ena anaphedwa ndi UPA chifukwa cha chifundo chimenecho.

Kodi analamula ndi Bandera? Ayi, anali m'ndende. Koma gululo linkadziwika ndi dzina lake, mfundo zimene linatsata zinalembedwa iye ali pampando, ndipo mpaka imfa yake sanapepesepo poyera.

Wina asakuuzeni kuti nthawi imeneyo anthu sankadziwa chabwino ndi choipa. Mkulu wa mpingo wa Greek Catholic ku Lviv, Andrey Sheptytsky, poyamba analandira asilikali a Germany ngati omasula. Ataona zimene ankachita, mu 1942 analembera Himmler, mkulu wa apolisi a Hitler, kalata yodandaula kuti achinyamata a Chiyukireni akugwiritsidwa ntchito popha Ayuda, anatulutsa kalata ya kwa akhristu yokumbutsa lamulo loti usaphe, ndipo iye ndi mng'ono wake Klymentiy anabisa Ayuda pafupifupi 150 m'nyumba za masisitere ndi amonke. Bungwe la Yad Vashem ku Israel lalemekeza Ayukireni oposa 2,600 amene anapulumutsa Ayuda. Anthu amenewa ankakhala m'misewu yomweyo, pansi pa mantha omwewo, koma anasankha zina.

Nanga mtsikanayo akuliriranji? Chifukwa nkhani imene iye anaimva kwa agogo ake inayambira pamene ya mnzanu inathera. UPA inapitiriza kumenyana ndi Asovieti mpaka m'zaka za m'ma 1950, anyamata ndi atsikana akugona m'mauna okumba pansi m'nkhalango. Malinga ndi ziwerengero za boma la Soviet lomwelo, anthu oposa 150,000 anaphedwa kumadzulo kwa Ukraine pothana ndi gululi, ndipo oposa 200,000 anasamutsidwira ku Siberia ndi madera ena akutali, mabanja athunthu. Nalo gululi linapha anthu pafupifupi 30,000 a mbali ya boma, ambiri a iwo Ayukireni wamba, atsogoleri a m'midzi ndi aphunzitsi, koma zimenezo sizikambidwa kawirikawiri. Shukhevych anaphedwa pafupi ndi Lviv mu 1950. Bandera anaphedwa ku Munich pa 15 Okutobala 1959 ndi kazitape wa KGB, bungwe la ukazitape la Soviet Union, Bohdan Stashynsky, amene anamuwazira poizoni kumaso pamasitepe a nyumba imene ankakhala. Mpaka Soviet Union kugwa mu 1991, munthu wokakamira chilankhulo chake kapena wofunsa za njala ija ankatukwanidwa kuti ndi wa Bandera. Dzina limene wokuzunza amakutukwana nalo tsiku ndi tsiku umafika polinyamula monyadira. Bungwe lofufuza maganizo a anthu la Rating linapeza kuti mu 2012 anthu 22 okha pa 100 alionse ankamuona bwino Bandera. Mu Epulo 2022, mabomba a Russia akugwa, anafika 74. Amene anamukweza choncho ndi a Putin. Mchimwene wa mtsikanayo akamanyamula mbenderayo, ndikukhulupirira kuti akunena kuti sagonjera Moscow. Za Poryck mwina palibe anamuphunzitsapo.

Dziwaninso kuti Ayukireni okhaokha akhala akukangana pankhaniyi kwa zaka zambiri. Kum'mawa ndi kum'mwera, kumene agogo ambiri anali asilikali a Soviet, dzina la Bandera linkanyansa. Pulezidenti Viktor Yushchenko atamupatsa ulemu wa Ngwazi ya Ukraine mu Januwale 2010, khoti la ku Donetsk linauthetsa chaka chomwecho, ndipo Nyumba ya Malamulo ya mayiko a ku Ulaya nayo inadandaula nawo. Mu 2015 kunabwera lamulo lotcha OUN ndi UPA omenyera ufulu, loletsanso kuwanyoza poyera. Akatswiri a mbiri pafupifupi 70 analemba kalata yopempha Pulezidenti Petro Poroshenko kuti asalisainire, koma analisainira. Volodymyr Viatrovych, amene ankatsogolera bungwe la boma loona za chikumbutso cha dziko, amati za ku Volhynia inali nkhondo ya mbali ziwiri, ndipo otsatira maganizo ake amakumbutsa kuti mu Ogasiti 1943 OUN inasintha mfundo zake n'kulonjeza ufulu wofanana kwa mitundu yonse. Otsutsa amayankha kuti lonjezo limenelo linalembedwa midzi ikuyaka, ndiponso Germany itayamba kale kugonja. Ine ndili ndi otsutsawa.

Ngakhale funso loti OUN inali ya chifasisti, ngati zipani za Mussolini ndi Hitler, kapena ayi silinathe. Grzegorz Rossoliński-Liebe, amene analemba mbiri ya moyo wa Bandera, amati inde, ndipo atapita kukakamba zimenezo ku Ukraine mu 2012 malo amene anamuitana anabwerera m'mbuyo chifukwa cha ziopsezo, mpaka anakalankhulira ku ofesi ya kazembe wa Germany ku Kyiv. Katswiri wa mbiri Oleksandr Zaitsev wa ku Lviv amati inali gulu la mtundu wopanda dziko, lofanana ndi Ustaše ya ku Croatia. Koma taonani mmene Ustaše inaphera anthu a mitundu ina Hitler ataipatsa dziko mu 1941.

Alipo Ayukireni amene anaweramitsa mutu. Wolemba Ivan Dziuba anaima pa Babyn Yar mu 1966, nthawi imene kutero kunali kuika moyo pachiswe, n'kudzudzula chidani cha pa Ayuda. Leonid Kravchuk, amene anadzakhala pulezidenti woyamba wa Ukraine, anapepesa pamalo omwewo mu 1991. Poroshenko anapepesa ku Nyumba ya Malamulo ya Israel mu 2015, ndipo pa 8 Julayi 2016 anagwada pachipilala cha ophedwa a ku Volhynia ku Warsaw. Koma dzulo lake lomwelo khonsolo ya mzinda wa Kyiv inali itatcha msewu waukulu dzina la Bandera. Mukuona mmene dzikolo likukokekera uku ndi uku. Mwezi womwewo aphungu a ku Poland anagamula kuti zimene zinachitika ku Volhynia kunali kupulula mtundu.

Ine maganizo anga ndi awa. Sindikanatcha msewu dzina la Bandera kapena la Shukhevych. Dziko la Ukraine silikusowa ngwazi za manja oyera. Pali wandakatulo Vasyl Stus, amene anafera m'ndende ya Soviet mu 1985, pali Viacheslav Chornovil, mtolankhani amene Asovieti anamumanga, pali anyamata ndi atsikana amene akufa lero. Ndipo chimene chimandiwawa koposa ndi manda. Ambiri mwa ophedwa a ku Volhynia agona m'maenje opanda mtanda, pansi pa minda ndi nkhalango. Mu 2017 boma la Ukraine linaimitsa ntchito yofukula mafupa awo, pokwiya ndi kugwetsedwa kwa chipilala cha UPA ku Hruszowice m'dziko la Poland. Kugwira akufa ngati chikole n'kulakwa, kaya wayamba ndani. Zinthu zinayamba kusintha: mu Julayi 2023 mapulezidenti Volodymyr Zelensky wa ku Ukraine ndi Andrzej Duda wa ku Poland anapemphera limodzi ku Lutsk, ndipo mu 2025 akatswiri a mayiko onse awiri anafukula mafupa a anthu 42 pamudzi wakale wa Puzhnyky n'kuwaika m'manda mwaulemu. Mudzi umodzi, pamene yotsala ilipo mazanamazana.

Tsopano achimwene anu. Auzeni kuti Ayukireni amene anavala yunifolomu ya Soviet kumenyana ndi Hitler anali mamiliyoni, pamene UPA pachimake pake inali ndi anthu zikwi makumi angapo. Oposa 2 miliyoni anagwidwa kukagwira ntchito ya ukapolo ku Germany. Ogwirizana ndi Hitler analipo pakati pa mitundu yonse imene anaigonjetsa, Arasha omwe, monga asilikali a Andrey Vlasov, ndipo Stalin mwiniwake anasainirana naye pangano logawana mayiko. Lero magulu a tsankho ku Ukraine alipo ndithu, ndipo gulu lankhondo la Azov linayambitsidwa mu 2014 ndi anthu a maganizo amenewo. Koma pachisankho cha aphungu cha 2019 zipani zoterozo zitaphatikizana zinapeza mavoti 2 okha pa 100 alionse, ndipo chaka chomwecho anthu 73 pa 100 anasankha Zelensky, Myuda, amene agogo ake anamenyana ndi Hitler ndipo abale atatu a agogowo anaphedwa ndi a Nazi. Mabomba a Russia anagwa pa Kharkiv ndi Mariupol, mizinda yolankhula Chirasha imene Bandera sanapondemo. Mu Malichi 2022 bomba la Russia linapha Borys Romanchenko wa zaka 96 m'nyumba mwake ku Kharkiv, munthu amene anapulumuka ndende ya Hitler ya Buchenwald. Mlandu wa 1943 ndi weniweni, koma a Putin sanapite ku Ukraine kukaweruza mlandu umenewo.

Pantchitopo musadziike kukhala woweruza. Funsani mayi wa ku Poland dzina la mudzi wa agogo ake ndi mayina a ophedwawo, mumvetsere mpaka amalize. Mtsikanayo, mukakhala awiri, muuzeni mofatsa kuti kuvomera zimene zinachitika ku Volhynia sikumulanda dziko lake, ndipo sikunyoza mchimwene wake amene ali kunkhondo. Musamukakamize usiku womwewo, mtima wake uli ku foni kudikira uthenga.

Aphunzitsi,

Malemu bambo anga anali msilikali wa KAR. Anamenyana ndi Ataliyana a Mussolini ku Abyssinia, kenako anapita ku Burma, n'kubwerako ndi mendulo ndi chifuwa chosatha. Mdzukulu wanga anandionetsa pafoni aphungu a ku Canada ataimirira kuombera m'manja nkhalamba ina imene akuti inali msilikali wa Hitler. Zinatheka bwanji, chikhalirecho Canada inali mbali imodzi ndi bambo anga?

*Gogo wa ku Zomba*

Agogo,

Zimene mwaonazo zinachitikadi, pa 22 Seputembala 2023, tsiku limene Zelensky analankhula ku Nyumba ya Malamulo ya Canada. Sipikala Anthony Rota analoza Yaroslav Hunka wa zaka 98 n'kunena kuti ndi ngwazi imene inamenyera ufulu wa Ukraine polimbana ndi Arasha pankhondo yachiwiri ya padziko lonse. Onse anaimirira. Panalibe anadzifunsa kuti womenyana ndi Asovieti nthawi imeneyo anali mbali ya ndani. Zitaululika, Rota anatula pansi udindo ndipo nduna yaikulu Justin Trudeau anapepesa.

Hunka anali m'gulu la asilikali a SS, asilikali apadera a chipani cha Nazi, lotchedwa Galicia. Ajeremani analikhazikitsa mu Epulo 1943, atagonja ku Stalingrad n'kuyamba kusowa anthu. Amuna pafupifupi 80,000 analembetsa, ngakhale otengedwa anali ochepa kuposa apo. Zifukwa zawo zinali zosiyanasiyana: ena ankaopa kubweranso kwa Asovieti amene anawaona mu 1939, ena ankathawa ukapolo wa ku Germany, ena ankaganiza kuti aphunzira usilikali kuti adzakhale maziko a gulu lankhondo la dziko lawo. Anthu a Bandera poyamba anatsutsa zolowa m'gululi. Koma akuluakulu ake anali Ajeremani, ndipo msilikali aliyense analumbira kumvera Hitler. Pankhondo ya ku Brody mu Julayi 1944 gululi linaphwasulidwa, mwa asilikali pafupifupi 11,000 anatuluka pafupifupi 3,000. Atalidzutsanso analitumiza ku Slovakia kukathana ndi anthu amene anaukira a Nazi. Bungwe la boma la Poland lofufuza milandu ya nthawiyo linapeza kuti asilikali ena olembedwa pansi pa dzina la Galicia ndiwo anatentha mudzi wa Huta Pieniacka pa 28 Febuluwale 1944, n'kupha anthu mazanamazana, ambiri atawatsekera m'nkhokwe.

Mu Meyi 1945 anadzipereka kwa Angerezi, amene anawasunga ku Rimini m'dziko la Italy. Sanawapereke kwa Stalin chifukwa nkhondo isanayambe anali nzika za Poland. Mu 1947 pafupifupi 8,000 anatengeredwa ku Britain, kumene ambiri anayamba ndi ntchito za m'minda, ndipo kuyambira 1950 dziko la Canada linalola ena kulowa. Kumeneko anamanga matchalitchi ndi zipilala, n'kulera ana powauza mbali imodzi yokha ya nkhaniyi. Nthawi ya udani wa Amerika ndi Soviet Union, wodana ndi chikomyunizimu sankafunsidwa zambiri.

Khoti la ku Nuremberg mu 1946 linagamula kuti SS inali gulu la zigawenga. Koma komiti ya woweruza Jules Deschênes ku Canada inanena mu 1986 kuti kungokhala m'gulu la Galicia si chifukwa chokwanira chozengera munthu mlandu. Otsutsa amakumbutsa kuti komitiyo sinakaone umboni umene unali ku Soviet Union ndi ku Poland. Palibe khoti limene linapeza Hunka wolakwa pa mlandu wina wake, choncho sindimutcha wakupha. Koma munthu amene analumbira kwa Hitler si woti Nyumba ya Malamulo imuimirire. Wina adzakuuzani kuti bambo anu nawonso anavala yunifolomu ya atsamunda, pansi pa mbendera ya eni. N'zoona, ndipo sanalipidwe zoyenera thukuta lawo. Koma iwo anathandiza kuchotsa Mussolini ku Abyssinia, pamene gulu la Galicia linkatchinjiriza ulamuliro umene nthawi yomweyo unkapha anthu ku Auschwitz.

Komiti ya Deschênes inasiya gawo lachiwiri la lipoti lake lili lachinsinsi, momwe muli mayina mazanamazana a anthu amene ankaganiziridwa milandu ya nkhondo. Za Hunka zitachitika, mabungwe a Ayuda ndi akatswiri a mbiri anapempha kuti mndandandawo utuluke. Mu 2024 ofesi yosunga zikalata za boma la Canada inakana. Akupemphabe, ndipo ine ndili mbali yawo.